Botolo Lofunda m'Jeleira

Chinthu chikagona m'jeleira, firiji ija, chimazizira, ngakhale mbuzi ikudziwa zimenezo. Koma botolo la mkodzo wa Samuele linadzuka lofunda ngati tiyi.

Samuele ankatsuka zitsulo za magalimoto ndi diluwenti, mankhwala onunkha osungunula mafuta, m'kachipinda ka malata kopanda zenera, pa msasa wa okonza msewu kufupi ndi Nsadzo. Manja ake anali atayamba kunjenjemera moti phala linkathera m'njira supuni isanafike kukamwa. Ndiye kunabwera enfermera, namwino uja, a Florinda, ndi timabotolo tawo.

"Masiku atatu, mukangoweruka, kodzerani umu. Wa m'mawa sindiufuna. Mabotolo azigona m'jeleira, kenako apita ku Tete kukayezedwa. Chipata chatsekedwa, palibe wotuluka. Wopezeka ndi diluwenti m'thupi achotsedwa m'kachipinda kaja."

Samuele anakodza mosangalala ngati akulemba kalata yomumasula.

Usiku, mdima uli bii, kuchokera kumene kunali jeleira kunamveka kwee, kenako tsoo, kachetechete, ngati mvula ya munthu mmodzi. M'mawa akuthandiza kulongedza mabotolo, Samuele anakhudza lake: lofunda! Usiku wachiwiri, chimodzimodzi.

"Ndi malemu uja anafera m'kachipinda ka diluwenti chaka chatha," ananong'ona Goodwell, mnzake wogona naye, mutu uli m'bulangete. "Akufuna ayezedwe nayenso."

Usiku wachitatu Samuele anakwawa, mano ali gwedegwede, nasuzumira pachiboo cha chipinda cha jeleira. Chimthunzi chachitali chinali chikukhuthulira botolo lake pansi pang'onopang'ono, dothi likumwa. Kenako chinamasula lamba, chikutsokomola. Chifuwacho anachidziwa. Anali a Yosiya, mlonda, amalume ake enieni.

"Amalume! Mukutani?"

"Tsitsa mawu, chitsiru iwe. Madzi a m'thupi mwako apite ku Tete, kwa anthu osadziwa ngakhale mfunda wako? Akakumanga nawo, mlongo wanga ndikamuuza chiyani? Anga apite, ine ndinakhwima kale."

"Koma inu diluwenti simunamugwirepo!"

"Nchifukwa chake ali oyera. Undineneze tsopano, andithamangitse ndi ukalamba wangawu."

Samuele anayang'ana dothi lonyowa, nayang'ana imvi zawo. Sanawaneneze. Galimoto inanyamula mabotolo tambala asanamalize kulira.

Patatha sabata ziwiri a Florinda anabwera akumwetulira, pepala m'manja.

"Samuele, ndiwe mkango! Mkodzo wako ndi woyera kuposa wa msasa wonse."

A Yosiya anamutsinzinira diso monyadira, namutsegulira okha kachipinda kaja. Fungo linamulandira ngati mwini nyumba. Chitseko chitatsekeka, anayesa kugwira sipanala, ndipo inagwa pansi ngwee.