Penti ya Juwita

Juwita adakumana ndi Zamri pamalo odikirira basi, panja pa fakitale ya galimoto ya Tualang. Mvula inkagwa ngati ili pa ganyu.

"Cik, chemwali inu, musasunthe!" adatero mwamuna wina kumbuyo kwake.

Juwita adauma thupi. Adaganiza kuti pa mpango wake wakumutu pali kangaude.

Mwamunayo adatulutsa timakadi ta mitundu ya penti, nayamba kutiyerekeza ndi mpangowo kamodzikamodzi. Mpangowo udali wa mtundu wa biringanya.

"Palibe," adatero akupukusa mutu. "Ndine Zamri, wosakaniza penti. Zaka zonsezi ndakhala ndikusaka mtundu umenewu, kani ukudikira basi!"

"Ndi wa pamsika uwu, bambo. Wotchipa."

"Wotchipa ndi mpangowo. Mtundu wadula chifukwa cha mwini wake."

Basi idabwera. Juwita sadaikwere.

Tualang inali kampani yodwala. Inkagulitsa galimoto zake m'mayina atatu. Pipit, ya kabaji ka mpheta, inali ya aphunzitsi ndi anamwino, ndipo Juwita ankagulitsa imeneyi ku Klang. Helang, ya chiwombankhanga, inali ya anyamata okonda phokoso. Mahkota, ya chisoti chachifumu, inali ya mabwana. Injini inali imodzimodzi. Zinkangosiyana nyali, mipando ndi mtengo. Ogula adazitulukira, nasiya kubwera. Masiku ambiri Juwita ankaweruka atagulitsa kumwetulira kokha.

Koma foni yake siinkapuma. Anali mauthenga a Zamri, amene tsopano Juwita ankamutcha Abang, kutanthauza wokondedwa.

"Duwa langa, wadya? Ine ndadya koma sindidakhute. Sindidakuone."

"Abang, gwirani ntchito. Akuchotsani."

"Andichotse! Bola iwe usandichotse mumtima."

Kodi mtima wa munthu ungalimbe bwanji pa mawu otere?

Tsiku lina masana akumwa tiyi ndi buledi wa roti, Zamri adamupatsa kamphatso kokulunga bwino. Juwita adakalandira. Atamasula adapeza kachitseko ka pothirira petulo.

"Abang, atsikana ena amalandira maluwa."

"Maluwa amafota. Taona mtundu wake."

Kadali ka mtundu wa biringanya, kowala ngati kanyowa.

"Ndausakaniza ndekha, ndikuganiza za mpango uja," adatero Zamri motsitsa mawu. "Kampani yauvomereza. Kwa ogula dzina lake ndi Duwa la M'mawa. Koma dzina lenileni tikulidziwa awirife."

"Ndi liti?"

"Juwita."

Juwita adalira pa roti pomwepo.

Pasanapite nthawi ku Klang kudafika Pipit ya mtundu umenewo. Juwita ankaipukuta m'mawa uliwonse ngati khanda. Mphunzitsi wina atafuna kuigula, Juwita adamuuza kuti yoyera ndiyo yabwino, siitentha padzuwa. Mphunzitsiyo adapita osagula iliyonse.

Kunyumba kachitseko kaja adakaika m'kabati yagalasi, pakati pa mbale za alendo. Mayi ake adakayang'ana nthawi yaitali.

"Mphete ili kuti?"

"Mak, adati makolo ake abwera ikatha Ramadani."

"Ya chaka chiti? Mwanawe, pothirira petulo savala pachala."

Kenako eni kampani adabweretsa bwana watsopano, Encik Leong, kuti aichiritse. Anali wamfupi, wosaseka, wouma pakamwa. Mankhwala ake adali mawu anayi: "Galimoto imodzi, dzina limodzi." Mpheta, chiwombankhanga ndi chisoti, zonse zifufutidwe, patsale Tualang yokha. Pa galimoto zamitundumitundu zija patsale zitatu: yaing'ono, ya banja ndi yonyamula katundu. Mashopu aphatikizidwe. Ogulitsa adayang'anana. Mipando idachepa, anthu adachuluka.

Encik Leong adaitanitsa Juwita.

"Tikutsegula shopu ku Kuching. Mukaiyendetse inu."

"Ku Kuching, bwana? Kutsidya kwa nyanja?"

"Ndege ziliko. Kuno malo anu atha. Mundiyankhe tsiku la mwambo wotsanzikana ndi mayina akale."

Juwita adaimbira Zamri akadali pakhomo la ofesi.

"Kuching?" adakuwa Zamri. "Wapamtima, ukapita ine ndisanduka galimoto yopanda mawilo! Khala. Ntchito nchiyani? Ndikusamala ndine. Ndikulumbira, anthu ena ali ndi mitundu yambiri, koma wanga ndi umodzi!"

Madzulo Juwita adauza mayi ake kuti za ku Kuching akana. Mayiwo adalowa kukhitchini. Adangotsuka mbale zotsukatsuka kale.

M'mawa mwake Juwita adanyamula kachitseko kaja kupita nako kumsika wa nsalu. Adayenda shopu ndi shopu mpaka adapeza nsalu yofanana nako ndendende. Telala adamusokera diresi lalitali la mwambo. Izi sadamuuze Zamri. Ankafuna kuti tsikulo akakane Kuching atavala chikondi chake thupi lonse, Abang wake akuona!

Tsiku la mwambo holo ya fakitale idadzaza. Kutsogolo kudali galimoto zitatu zofunditsidwa nsalu, ndipo pambali pa iliyonse pankayenera kuima wogulitsa mmodzi. Juwita adaima pa Pipit.

Adacheukira kumanzere. Pa Helang padaima mtsikana wowonda, wa zikhadabo zazitali. Diresi lake lidali la mtundu wa biringanya.

Adasuzumira patsogolo pang'ono. Pa Mahkota padaima mayi wojintcha, zibangili zagolide mpaka m'chigongono. Diresi lake lidali la mtundu wa biringanya.

"Mwatchena," adatero mtsikanayo, maso ali pa nsalu ya Juwita. "Ndine Marlina, wa ku Kajang. Nsaluyi mudaipeza bwanji?"

"Ndidapita ndi chitsanzo."

"Inenso."

"Inenso, ana anga," adatero mayi uja. "Rohaya, wa ku Bangsar. Achichepere amanditcha Kak Rohaya."

Mwina ndi fashoni ya chaka chino, Juwita adadzilimbitsa mtima. Mtundu uli ndi mwini ngati?

Encik Leong adakwera pansanja. Sadapereke moni. Adangokodola anyamata, iwo nakoka nsalu zija.

Galimoto zitatu. Mtundu umodzi. Kampani inkagulitsa pang'ono kwambiri moti zitatuzi zinali zisanakumanepo pamsewu.

"Matenda athu ndi awa," adatero Encik Leong. "Ku Pipit penti iyi timaitcha Duwa la M'mawa. Ku Helang, Mphezi ya Usiku. Ku Mahkota, Mkanjo wa Mfumu. Mgolo ndi umodzi. Tidaigulira matakisi a ku bwalo la ndege, eni matakisiwo adasintha maganizo, migolo idatsala yodzaza nyumba. Amene wayesetsa kuipezera mayina ndi Zamri. Muwombereni m'manja."

Anthu adawomba m'manja.

"Ndithokozenso amayi atatuwa. Sindidawauze kuti avale mofanana. Uku ndiye kukonda kampani."

Anthu adawombanso, mwamphamvu.

Juwita adamva ngati pansi patseguka. Matakisi?

Kak Rohaya adatsegula chikwama chake pang'onopang'ono, natulutsa kachitseko ka pothirira petulo. Marlina adatulutsa kake. Juwita adatulutsa kake. Tonse titatu tidagundana, ngwe!

"Ine adati waona mtunduwu pa zikhadabo zanga," adatero Marlina.

"Ine pa chikwamachi," adatero Kak Rohaya. "Nanga iwe, mwana?"

"Mpango," Juwita adanong'ona.

"Ndiye kuti ankangoyenda mumzinda muno kusaka aliyense wovala biringanya!"

Atatuwo adamupeza Zamri kuseri kwa tebulo la zakudya, akuyenda chowerama kulunjika kukhomo. Kak Rohaya adamugwira kolala.

"Abang!" adaitana onse atatu pamodzi.

"Ndifotokoze! Ndifotokoze kaye!" Zamri thukuta lili kamukamu. "Mukaiona padzuwa imasiyana pang'ono. Ya Marlina imapita kofiira. Ya Kak Rohaya ndi yakuya. Ya Juwita…"

"Yakuya ndi dzenje limene ndikuikemo," adatero Kak Rohaya. "Ine ndidakana mwini malo odyera awiri chifukwa cha iwe, mwana wopanda ndevu!"

"Ine nyimbo ya pa ukwati ndidasankha kale!" adakuwa Marlina.

Juwita adatembenuka. Adatuluka.

Adakakhala pamalo odikirira basi paja. Dzuwa lidali phwee, ndipo diresi lake linkawala mopanda manyazi. Apa ndiye adalira, kulira kwenikweni, kogwedeza mapewa. Za akazi enawo zikadapiririka. Zamri akadaba mtundu wake nkugawira ena, bwenzi uli wake ndithu, wobedwa. Koma sudali wake chiyambire. Miyezi yonseyi ankapukuta penti ya matakisi, naitcha dzina lake! Ndipo lero lomwe akadataya ntchito chifukwa cha mgolo wotsala?

Foni idalira. "Duwa langa, uli kuti?"

Asanayankhe, mwini uthengawo adatulukira, kolala ili lende, mpunga uli m'tsitsi. Adagwada pakonkire.

"Wapamtima, wamva zimene anena bwana. Galimoto imodzi, dzina limodzi. Inenso ndakonza zinthu. Marlina ndamusiya. Kak Rohaya ndawasiya. Watsala iwe wekha."

"Mwawasiya, kapena akusiyani?"

Zamri adayang'ana nyerere.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi, Abang. Pa atatufe, ine ndinali uti? Mpheta?"

"Usainyoze mpheta!" adatero Zamri, nkhope ikuwala poganiza kuti wapeza polowera. "Pipit ndiyo galimoto yokhala nayo. Ndi yofatsa. Siivuta kusamala. Siidya mafuta ambiri."

Juwita adamuyang'ana. Misozi ikadali m'masaya, koma kuseka kudamutuluka kokha. Adaseka mpaka kugwira chitsulo cha pamalopo. Zamri adayamba kuseka nawo, osadziwa kuti akuseka maliro ake.

Juwita adapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Adatenga kachitseko kaja, nakaika m'manja mwa Zamri.

"Ako aka. Utsekere pakamwa. Pakudontha."

Adabwerera mu holo. Encik Leong adali pakona yekha, akudya nthochi yokazinga.

"Bwana, Kuching ndipita."

"Chabwino."

"Koma ndipemphe chimodzi. Galimoto za mtundu uwu musanditumizireko ngakhale imodzi."

Encik Leong adayang'ana diresi lake, nayang'ana galimoto zitatu zija. Adameza nthochi.

"Zotsala zonse zili kale pa sitima," adatero. "Zikupita ku Kuching."

Juwita adatseka maso. Adaona bwalo lonse lodzaza biringanya, m'mawa uliwonse, mpaka zitatha. Kenako adakumbukira mvula ija, timakadi tija, ndi basi imene sadaikwere.

"Zipite," adatero. "Ndikazigulitsa. Mawu okopera anthu ndikuwadziwa."