Kompyuta Imodzi Yomwe Sinafe

Lolemba, 8 koloko m'mawa, makompyuta 39 a kampani yogulitsa mankhwala anafa nthawi imodzi. Magalasi onse anangoti bii. Maoda a zipatala anafufutika, malole anangoima pageti opanda katundu.

Maso onse anapita kwa Injiniya, mayi yemwe anabweretsa seva miyezi inayi yapitayo. Seva imeneyi ndi kompyuta yaikulu ngati kafiriji, yokhala m'kachipinda kozizira kuseri kwa masitepe. Pulogalamu yatsopano ikabwera, Injiniya ankaiika pa seva kamodzi kokha, ndipo Lolemba m'mawa makompyuta onse ankadzitengera okha.

Kale ntchitoyi inali ya Mafulashi, bambo wachikulire yemwe ankayenda desiki ndi desiki sabata yathunthu, mkanda wa mafulashi, tizipangizo tonyamulira mapulogalamu, uli m'khosi, akumwa tiyi waulere paliponse. Seva itabwera, tiyi uja anauma. Ngakhale moni anachepa.

Apolisi anafika 10 koloko. Sajeni, munthu wosakonda mawu ambiri, anaima pakhomo la kachipindako.

"Mayi, pulogalamu yofufuta zinthuyi yaikidwa ndi pasiwedi yanu."

"Yanga, inde. Koma si ine, bwana."

"Aliyense amatero. Tengani chikwama chanu."

Injiniya anachita mantha. Kunyumba anasiya khanda la miyezi isanu lomwe silinayambe kudya china chilichonse koma bere. Anapempha mphindi zisanu zokha. Seva ndi yamiseche, imalemba chilichonse chomwe yachita, ndipo iye ankadziwa poyang'ana.

"Bwana, taonani. Makompyuta athu alipo 40. Seva yatumiza pulogalamuyi kwa 39."

"Inayo?"

"Wina anaichotsa pamndandanda Lachisanu, 4:40 madzulo. Pulogalamu yofufutayi inaikidwa 4:43."

"Inu munali kuti?"

"Kuchipatala, kukabayitsa mwana katemera. Funsani mlonda."

Buku la mlonda linavomera: Injiniya anatuluka 2 koloko ndipo sanabwerenso tsikulo.

Kompyuta yotsalayo inali ya Mafulashi. Apolisi anamupeza m'khonde atavalanso mkanda wake, akutonthoza anthu ngati mwini maliro. "Ndinanena ine! Mutu umodzi susenza denga. Musadandaule, ndiyambanso kuyenda pa desiki iliyonse ngati kale."

Sajeni anapita naye ku desiki yake. Kompyuta inali yamoyo, pagalasi pakumwetulira mkwatibwi wovala zoyera.

"Madala, anzanu onse akulira, yanu yokha ikuseka?"

"Mwayi, bwana."

"Mwayi wa 4:40?"

Mafulashi anakhala pampando pang'onopang'ono. Sanachedwe kuulula. Pasiwedi anaiba ndi maso tsiku lomwe Injiniya, mwa ulemu wake, ankamuphunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka seva. Ankafuna kuti mabwana aitaye seva ija, anthu ayambirenso kumuitana. Zoti mayi wa khanda akagona m'chitokosi, ankazidziwa, ndipo sizinamulande tulo.

Chomwe chinamukanika ndi chimodzi. M'kompyuta yake munali zithunzi zonse za ukwati wa mwana wake wamkazi, ndipo kunalibe kwina komwe anazisunga. Atatsala pang'ono kudina batani, dzanja linakana. Anayamba wachotsa kompyuta yake pamndandanda.

"Chonde bwana, ndiloleni ndikopere zithunzizo."

"Kompyutayi ndi umboni tsopano."

Sajeni anamuvula mkanda uja, n'kuwerenga mafulashi imodziimodzi asanatulutse unyolo.

"Mafulashi khumi ndi awiri m'khosi, madala, osakoperapo ngakhale chithunzi chimodzi? Mukanakopera, bwenzi pano ndikumanga mayi wosalakwa."

Khoti linamulamula kukakhala kundende zaka zitatu. Koma tsiku lomwelo la Lolemba, Injiniya anabwezeretsa zonse kuchokera pa zosungira za seva, ndipo malole anatuluka 3 koloko. Podutsa pa desiki ya Mafulashi anaona malo opanda fumbi pomwe panali kompyuta ija. Sanaime. Bulauzi inali itanyowa kale ndi mkaka, ndipo mwana anali kudikira.