Bondo la Kamphepo

Uyu ndi Kamphepo. Amamutchula choncho chifukwa amathamanga kwambiri.

Kamphepo anali ndi vuto. Akamakodza, ankamva kuwawa. Pankawotcha ngati moto.

Ankafuna kuuza amayi. Koma kwawo sankatchula za kuchimbudzi. Kamphepo anachita manyazi.

Amayi anamuona atakwinya nkhope.

"Chikukuwawa n'chiyani, mwanangu?" anafunsa amayi.

Kamphepo anayang'ana pansi. Anaona bondo lake.

"Bondo," anatero.

Amayi anatenthetsa madzi. Anathowa bondolo. Analimanga ndi kansalu.

Koma pokodza pankawawabe.

Kamphepo anasiya kumwa madzi. Ankaopa kupita kuchimbudzi. Poyenda ankatsimphina dala.

Achimwene ake anamuyang'anitsitsa.

"Iwe Kamphepo, kansalu kali mwendo uwu. Nanga ukutsimphiniranji winawo?"

Kamphepo anachita manyazi. Anabisala kuseri kwa chitseko.

Tsiku lachitatu, thupi lake linatentha. Amayi anamubereka mpaka kuchipatala.

Anesi anamasula kansalu. Anapinda bondo. Analitambasula. Analipindanso.

"Bondo ili lilibe mlandu," anatero anesi.

Kamphepo anayang'ana pansi. Misozi inalengeza m'maso.

Pakhoma panali chithunzi chachikulu. Chinkaonetsa m'kati mwa thupi la munthu. Anesi analoza ndi cholembera.

"Izi ndi impso. Zilipo ziwiri. Zimapanga mkodzo. Ichi ndi chikhodzodzo. Chimasunga mkodzowo. Bwera, mwanawe. Loza pamene pakuwawa."

Kamphepo anayandikira pang'onopang'ono. Analoza chikhodzodzo.

"Ndikamakodza pakumawotcha," ananong'ona.

"Wanena bwino," anatero anesi. "Ine ndimamva za mkodzo tsiku lonse. Taona, makutu anga sanathothoke."

Kamphepo anaseka pang'ono.

Anesi anamupatsa kabotolo. Kamphepo anapita nako kuchimbudzi. Pobwera anakabisa kumbuyo. Anesi anayeza mkodzowo.

"M'chikhodzodzo mwalowa tizilombo," anatero. "Tikakhalitsa, timakwera mpaka ku impso. Umwe mankhwala awa mpaka athe. Uzimwanso madzi ambiri."

"Pepani, amayi," anatero Kamphepo. "Ndinakunamizani."

Amayi anaima pakhomo. Ankangopotokola kansalu kaja m'manja. Nawonso anayang'ana pansi.

"Anesi," anatero amayi motsitsa mawu, "kabotolo kena kalipo?"

"Ka ndani?" anafunsa anesi.

"Kanga. Nanenso pakumawotcha. Yatha sabata. Bambo ake ndinawauza kuti ndi msana."

Anesi anagwira m'chiuno.

"Mwana akuti bondo, mayi akuti msana! Kwanuko mumachira bwanji?"

Amayi anabisa nkhope ndi kansalu. Kamphepo anawagwira dzanja.

"Tiyeni, amayi. Chimbudzi chili uko. Ine ndikudikirirani panja."

Anabwerera kunyumba aliyense ndi mankhwala ake. M'mawa ankamwa limodzi. Madzulo ankamwa limodzi. Ankamwa madzi ambiri.

Tsiku lina Kamphepo anatuluka m'chimbudzi akudumpha. Abambo ndi achimwene anali pakhonde.

"Amayi!" anafuula. "Chikhodzodzo changa chachira! Nanga chanu?"

Abambo anatsokomola. Achimwene anatong'ola maso.

"Tsitsa mawu, iwe!" anatero amayi, akuseka. "Changanso chachira."