Mpunga wa kwa Amayi a Sumaila

"Kodi mwana uyu manja ake anapsa ndi chiyani?"

Anafunsa motero mayi wina pa depoti ya basi ku Old Town. Lizzie anabisa manja m'khwapa n'kuyang'ana kumbali. Sanapse ayi. Anasweka ndi sopo.

Chinali chaka cha 1975. Boma linali litasamuka ku Zomba, ndipo bambo ake a Lizzie, a Lemson, kalaliki wa ku Rumphi komanso mkulu wa mpingo, anasamutsidwa pamodzi ndi makabati a mafayilo. Likulu latsopanolo linali fumbi lofiira lokhalokha, mathirakitala ndi misewu yopita kumene kunalibe nyumba. Ena fumbilo ankangolisasa pa malaya. Lizzie, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, linamulowa m'mutu. Akagwira chitseko, kaganizo kankabwera: wadetsedwa, udwalitsa ang'ono ako. Ankadziwa kuti n'zabodza. Ankasambabe m'manja kasanu ndi kawiri, n'kuyambiranso.

Basi itafika anthu anakankhana. Lizzie anayang'ana chitsulo cha pakhomo chimene aliyense ankagwira, miyendo inakana. Basi inapita.

"Achemwali, basi imeneyi munayambana nayo?"

Anali mnyamata wa msinkhu wake, atakoleka ndowa zitatu zatsopano paphewa. Anali Sumaila, wokhoma ndowa kumsika.

"Ndikudikira ina."

"Inayonso ili ndi chitsulo chomwecho," anatero motsitsa mawu. Anali ataona. "Mumakhala kuti?"

"Area 3."

"Si kumwamba kumeneko. Tiyeni wapansi."

Sanamufunse za manja tsiku limenelo, ngakhale sabata yotsatira. Anayamba kumulembera timakalata pa mapepala a matumba a simenti. "Lizzie, nyali ya pamsika wanga, dzulo ndadzimenya chala ndi nyundo chifukwa chokuganiza. Ukabwera udzapepese."

Ndani akanapanda kuseka? Lizzie anaseka, kenaka tsiku lina pa mlatho anamuuza zonse.

"Ine ndimasamba kasanu patsiku ndisanaswali," anatero Sumaila. "Palibe amanditcha wamisala."

"Iwe ukamaliza umamaliza. Ine sindimaliza."

"Ndiye tikaonane ndi adokotala."

"Adada akamva? Ku ofesi kwawo akamva kuti mwana wa a Lemson mutu sukuyenda bwino? Amama akungodziwa kuti ndimatha sopo, basi."

"Amva kwa ndani, wokondedwa? Mtima wangawu ndi ndowa yomwe ndinakhoma ndekha. Sidontha."

Lachinayi lililonse Lizzie ankatsanzika kunyumba kuti akupita ku kwaya, koma ankapita kuchipatala ndi Sumaila. Dokotala wake anali bambo wa imvi, wosafulumira kulankhula. Anamvetsera mpaka mapeto osaseka.

"Si misala iyi, mwana wanga, ndipo palibe wakulodza. Ndi nkhawa imene imakulamula kubwereza zinthu. Ndaonapo ena, ndipo yako si yaikulu. Koma mankhwala ake ndi owawa. Gwira chitseko icho."

Lizzie anagwira.

"Tsopano dikira mphindi zisanu usanasambe. Sabata ya mawa zidzakhala khumi."

Mphindi zimenezo zinali zazitali kuposa ulendo wochokera ku Zomba. Ankazithera panja, pansi pa mtengo, manja atawatambasula ngati si ake, misozi ili mbwee. Sumaila ankakhala pambali pake n'kumamubwebwetera.

"Ndikadzalemera ndidzakumangira nyumba ku Area 10, yopanda chitseko ngakhale chimodzi."

"Akuba?"

"Adzaba chiyani? Chuma chonse ndiwe, ndipo iwe ndidzakhala ndikukuyang'ana."

Mvula yoyamba isanagwe, Lizzie anakwera basi atagwira chitsulo. Zilonda za m'manja zinayamba kuuma. Ndipamene Sumaila anati, "Amayi akufuna kukuona. Ubwere Loweruka udzadye nafe."

Mtsikana aliyense amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Lizzie anasangalala, kenaka anakumbukira za chakudyacho.

"Kwanu mumadya bwanji?"

"Mbale imodzi, manja onse. Ukwanitsa, duwa langa."

Loweruka masana anavala diresi la ku tchalitchi. Kunyumbako amuna anakhala pakhonde, ndipo Sumaila anamusiya m'manja mwa amayi ake, a Mwanasha, kuseri pamkeka. Panali akazi anayi. Mtsikana wina wa maso ofatsa, Kulusumu, anamuthirira madzi m'manja kamodzi kokha, n'kubweretsa thireyi lalikulu la mpunga wa nyama.

Manja anayi analowamo. Lizzie anaona zala zikukumana pakati, mafuta akuyenderera. Kaganizo kaja kanakuwa. Anawerenga mumtima mpaka khumi, anapisa dzanja, anaumba mpunga, anadya.

Anadyanso kachiwiri.

A Mwanasha anaomba m'manja. "Wadya! Kulusumu, waona? Wadya mwanayu."

Lizzie anasiya kutafuna.

"Usachite manyazi, mwanangu," anapitiriza mayiwo mokoma mtima, akumukankhira nyama. "Sumaila anatifotokozera za matenda ako kalekale. Tonse pano timakupempherera. Ngakhale anzake kumsika amafunsa kuti wodwala wako uja ali bwanji."

"Ndine ndinamuuza kuti akubweretse," anatero Kulusumu. "Ndinati munthu sachira akamadya yekha. Ukabwerenso pa ukwati wathu, mwezi wa mawa. Udzakhale pafupi ndi ine."

"Ukwati wanu ndi ndani?"

Akaziwo anaseka, poyesa nthabwala.

Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti panalibe womuda pamkekapo. Akanamunyoza, bwenzi atapeza pogwira. Anamaliza kudya, chifukwa mlendo sasiya mbale pakati. Anathokoza, anatsanzika mwaulemu wonse umene amake anamuphunzitsa.

Sumaila anamupeza pa msewu.

"Lizzie, taima. Za Kulusumu anakonza ndi amalume, ine ndisanakudziwe. Ndimafuna kukuuza ukachira."

"Kunyumba kwanu unawauza kuti ndine ndani?"

Sumaila anayang'ana pansi.

"Ndikanati chiyani? Amationa limodzi Lachinayi lililonse. Ndinati ndikuthandiza wodwala."

"Ndipo makalata aja unkalembera wodwala?"

"Aja anali oona, nyali yanga. Ndikulumbira."

"Ndikudziwa," anatero Lizzie. "N'chifukwa chake usandiperekeze."

Anayenda yekha mpaka ku Area 3, dzanja lamanja likununkhirabe mafuta a mpunga. Pampopi wa panja anaima nthawi yaitali akulira mopanda mawu. Anasamba kamodzi. Anafuna kachiwiri, anafunitsitsa, koma anatseka mpopi n'kupukuta manja pa diresi.

A Lemson anali pakhonde, akupukuta nsapato za ku tchalitchi. Anakweza maso pamwamba pa magalasi.

"Wachedwa, mama. Maso afiira bwanji?"

Lizzie anagwada pambali pa mpando wawo.

"Adada, Lachinayi musapite ku ntchito. Mupita ndi ine kwa adokotala."