Mbale ya Madzi Pakhomo pa Mayi Ollerton

Pofika tsiku lachinayi la ulendo wawo wa pangalande, Tamsin zinali zitamukwana. Paliponse pamene boti laima, anthu ena ankalowa m'bala n'kukakhala pamipando yawofuwofu, koma iwo ankazungulira kuseri, n'kumakalimbirana tchipisi ndi mavu pabenchi. Ndipo sankaima pabala iliyonse ayi. Ankayamba ayang'ana ngati pakhomo pali mbale ya madzi, chizindikiro choti agalu amalandiridwa. Zonsezi chinali chifukwa cha Barley, galu wa a Gordon.

A Gordon anali bambo omupeza a Tamsin. Mayi ake, a Heather, anakwatiwa nawo chaka chatha chomwechi, koma a Gordon ndi Barley anali atakhala zaka khumi ndi ziwiri m'boti lomweli, boti lachitsulo, lalitali, loyenda ngati munthu wapansi wosafulumira. Galuyo anali atakalamba, ubweya thoo, ndipo kukatentha ankapuma movutikira. A Gordon ankamutchula kuti "mdala wanga". Tamsin akamva dzinalo ankangotsonya.

Popeza foni sinkachoka m'manja mwake, anam'patsa ntchito yofufuza mabala ndi matiyirumu akutsogolo amene amalola agalu. Ntchitoyo ankadana nayo kwambiri. Nanga zoona munthu n'kukhala kalaliki wa galu?

M'mawa wa Lachinayi, tsiku limene Tamsin ankakwanitsa zaka khumi ndi zinayi, a Gordon anadzuka akuimba mluzu.

"Lero nkhomaliro ndi kwa mayi Ollerton, pamlatho wofiira paja," anatero ali pachiwongolero. "Kumene kuja mbale ya madzi sichoka pakhomo. Mdala wangayu amachita kum'sungira soseji yakeyake."

"Kodi wabadwa lero ndi ine kapena galu?" anafunsa Tamsin.

"Iwe, pakamwapo," anatero mayi ake.

Tamsin anaweramira foni mtima ukuwira. Anali ataona kale lesitilanti yatsopano, yamagalasi okhaokha, yozizira m'kati, mtunda wa maola awiri kupitirira pamlathowo. Pansi pa zithunzi zake analembapo momveka bwino kuti agalu saloledwa, ngakhale pakhonde. Anawawerenga mawuwo kawiri. Ankangofuna kuti kamodzi kokha banja lisankhe malo poganizira iyeyo.

"Kwa mayi Ollerton n'kotseka," anatero osadzutsa mutu. "Akukonza denga. Koma kutsogoloku kuli malo atsopano, ndipo agalu amalowa."

A Gordon anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Amalowadi?"

"Alemba pano."

"Chabwino," anatero pang'onopang'ono. "Tsikuli ndi lako."

Bala ya mayi Ollerton sinkaoneka kuchokera pangalande, inali kuseri kwa mitengo. Koma atayandikira mlatho wofiira, Barley anadzuka movutikira kutsogolo kwa boti, n'kuyamba kugwedeza mchira. Boti litapitirira osaima, anatembenuka n'kuwayang'ana a Gordon modabwa. Tamsin anayang'ana kumbali. Ankadziwa kuti akangodutsa basi palibe kubwerera, chifukwa botilo linali lalitali kuposa m'lifupi mwa ngalande, ndipo malo otembenukira anali ulendo wa theka la tsiku kutsogolo.

Anafika palesitilanti ija dzuwa likuswa mtengo. A Gordon, atagwira chingwe cha galu, anayang'ana uku ndi uku pakhomo.

"Mbale ija ili kuti?"

Mtsikana woperekera zakudya anatuluka akumwetulira. "Pepani bambo, agalu ayi. Ngakhale pakhondepa."

"Mwina angosintha kumene," Tamsin anayankhula mofulumira. "Pafoni analemba zina."

A Gordon anapukuta thukuta pamphumi. "Basi, lowani awirinu. Ine ndikakhala ndi mdala kuboti. Mundibweretsere kenakake."

"Ndinadziwa ine!" Tamsin anakuwa mpaka anthu am'kati anacheuka. "Nthawi zonse galu, galu, galu! Ngakhale lero? Amayi, mwaona? Munthu ameneyu anakwatira galu, inu ndinu ongoperekeza!"

A Heather sanamukalipire. Anangowayang'ana amuna awo ndi maso opempha. "Gordon, ola limodzi lokha."

A Gordon anagonja. Anakokera boti pansi pa mtengo waukulu, n'kulimangirira pamthunzi. Anathira madzi m'mbale, natsegula timawindo tonse. Zitseko zokha anatseka, chifukwa Barley akanalumphira kumtunda n'kuwatsatira. Anamusisita pamutu n'kumuuza kuti, "Ndikubwera, mdala."

M'kati munalidi mozizira bwino. Mipando inali yofewa, mavu kunalibe, ndipo panalibe ubweya wa galu m'mbale. Tamsin anadzijambula zithunzi zambirimbiri. Koma anthu anali ochuluka ndipo chakudya chinachedwa. Ola litakwana, a Gordon anayamba kusuntha mpando.

"Ayisikilimu sanabwere," anatero Tamsin. "Kapena n'zimenenso akufuna Barley?"

A Gordon anakhalanso pansi.

Munthu wa m'boti amadziwa kuti mthunzi umayenda koma boti lomangirira siliyenda. A Gordon ankazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake pobwerera anathamanga, mwamuna wamkulu mimba ili patsogolo. Mthunzi unali utasamukira m'kanjira. Boti lonse linali padzuwa, ndipo Tamsin atagwira denga lake anachotsa dzanja msangamsanga. Zitseko zitatseguka, munatuluka mpweya ngati wa mu uvuni.

Barley anali atagona kuseri kwa chitseko, lilime lili kunja, mbale ya madzi itagubuduka. A Gordon anamunyamulira kumtunda, n'kuyamba kumuthira madzi a m'ngalande ndi ndowa. "Dzuka mdala, ndabwera. Ndabwera ine." A Heather anaimbira dokotala wa ziweto, koma msewu unali kutali ndipo galimoto inafika patapita nthawi. Barley anafera m'manja mwa a Gordon asanafike kuchipatala.

Masiku awiri otsatira m'botimo munali zii. A Gordon sanamukalipire Tamsin ngakhale kamodzi, ndipo zimenezi n'zimene zinkamudya moyo. Akanatukwanidwa, bwenzi atapeza poyankhira. Iwo ankangoti, "Wolakwa ndine. Zitseko ndinatseka ndine." Tamsin ankakhala padenga yekhayekha, akudziuza kuti palibe amene akudziwa za bodza lake. Zithunzi za m'lesitilanti muja anazifufuta zonse, koma madzi akatayika saoleka.

Anakatembenuza boti, nayamba ulendo wobwerera. Loweruka masana anafika pamlatho wofiira, ndipo a Gordon anazimitsa injini.

"N'kotsekatu kuno," anatero a Heather.

"Tiyeni tikangoona," anayankha a Gordon.

Tamsin anawatsatira pambuyo. Denga la bala ija linali lonse bwinobwino. Anthu anali akudya panja ndi m'kati momwe, agalu atagona pansi pa matebulo. Pakhomo panali mbale yachitsulo yodzaza madzi oyera. Mayi wina wamfupi, wovala epuloni, anatuluka manja ali m'chiuno.

"Gordon, mbuzi ya munthu iwe!" anakuwa mayi Ollerton akuseka. "Umandiimbira foni Lachinayi m'mawa kuti keke ikhale yokonzeka pofika masana, kenako n'kusowa? Ikadali mufiriji, dzina la mwana lili pamwamba. Ndiye ameneyu Tamsin? Iii, wakulatu. Mwana iwe, bambo akowa anandivutitsa mwezi wathunthu, ati ikhale ya chokoleti."

Tamsin anaona ngati pansi pakusuntha. Lachinayi m'mawa. Ndiye kuti a Gordon anali atayankhula ndi mayiwa iye asananame n'komwe. A Heather anamuyang'ana mwana wawo, nkhope itagwa.

"Munkadziwa?" Tamsin anafunsa.

"Zoti kuno n'kotsegula, ndinkadziwa," anatero a Gordon, maso ali pambale ija. "Ndinaona kuti ukufuna malo abwinoko, ndiye ndinati keke tidzaidya pobwerera. Sindinafune kukuchititsa manyazi patsiku lako." Anatembenuka n'kumuyang'ana. "Koma za agalu zija, ndinakukhulupirira."

Mayi Ollerton sanamve zimenezi. Anali atalowa m'kati, ndipo anatulukanso atanyamula soseji pakambale, akusuzumira kumbuyo kwa miyendo ya a Gordon ndi kukanjira ka kungalande.

"Nanga mdala uja ali kuti? Wayamba ulesi wotsika m'boti?"

A Gordon anaweramitsa mutu. A Heather anatsegula pakamwa kuti awathandize, koma Tamsin anawagwira dzanja.

"Ayi amayi, ndinena ndine," anatero, misozi ikutsika. Anatembenukira kwa mayi Ollerton, amene anali chiimire ndi soseji m'manja. "Barley sabweranso. Ndinanama ndine."