Injini Yomwa Mawu

Umphawi wa Vitorino ngakhale agalu a padooko ankaudziwa, moti sankavutika n'komwe kumutsatira. Nkhondo ya ku Mozambique itatha, anzake othawa nkhondo anakwera malole kubwerera kwawo, koma iye anatsala. Akanabwerera kwa yani? Abale ake onse anathera m'nkhondomo. Anali ndi mkazi wake Ernestina basi, ndi kaboti kamatabwa kodontha kamene mnzake wina anamusiyira. Ankakakankha ndi nsungwi pa nyanja ya Chilwa, mbali ya kuno ku Mulanje, masiku amenewo Phalombe isanakhale boma palokha.

Chonyadira anali nacho chimodzi, mawu. Pochokera pa nyanja ankaimba nyimbo ya Chilomwe akadali kutali m'bango, Ernestina n'kumuzindikira, n'kutsikira kudooko ndi dengu. Mawu omwewo ndi amene anawapezanitsa m'tchire tsiku lina atasochererana pothawa asilikali.

Koma mawu sadyedwa. Spencer, msodzi mnzake, anali ndi boti la injini. Ankamudutsa Vitorino ngati chitsa, mafunde n'kumadzaza kaboti kake, ndipo pomwe Vitorino ankafika ndi timatemba take, ogula anali atamangirira kale madengu panjinga. Nsanje inamudya mwamunayu mpaka kuonda.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anafika pa Nkando, kuseri kwa msika, kwa a Jailos okonza injini za zigayo. Aliyense ankadziwa kuti a Jailos sakhalira sipanala yokha. M'kashedi kawo munali zii, ngakhale ntchentche munalibe.

"Mwabwera kudzasankha injini, achimwene," anatero a Jailos moni asanapatsane. Anavundukula chiguduli, pansi pake pali injini ziwiri za boti. "Yaikuluyi ndi yaliwiro. Mudzafika pakati pa nyanja anzanu akumasulabe zingwe, ndipo chuma chake n'chothamanganso. Imamwa kamodzi kokha, magazi a munthu amene mumadya naye mbale imodzi."

Vitorino anabwerera m'mbuyo. Wodya naye mbale imodzi anali Ernestina yekha.

"Imeneyo ayi, bambo. Ivindikireni."

"Mtima wabwino," a Jailos anamwetulira. "Yaing'onoyi ndi yokokera khoka. Imayenda pang'onopang'ono, mwakachetechete, nsomba osaimva. Mudzaziwola ngati mukusesa pabwalo."

"Nanga iyo imamwa chiyani?"

"Petulo ayi, magazi ayi. Imamwa mawu anu. Ulendo uliwonse mukaiyatsa, munthu mmodzi adzasiya kukumvani. Kukuonani adzakuonani, milomo yanu ikugwedera, koma m'khutu mwake simudzalowa kanthu. Imayambira akutali, n'kumabwera kufupi."

Vitorino anaseka chikhakhali. "Kodi mphawi ali ndi mawu? Anandimvapo ndani ine?"

"Ndiye palibe chimene mukutaya. Mukakhuta, mukaiponye pakuya, pamene nsungwi siifika pansi. Kungoti abwera muno ambiri, achimwene, koma wokhuta sindinamuonepo."

Abale inu, nsomba zimene Vitorino anayamba kupha! Makumba, milamba, matemba, khoka lochita kukanika kukweza m'boti. Kainjiniko kankangoyenda ngati mthunzi, madzi osachita thovu. Oyamba kusamumva anali ogula nsomba ochokera ku Limbe. Iye sanadandaule, ankangotchula mtengo ndi zala, kunyumba n'kukaseka yekha kuti a Jailos anamugulitsa ng'ombe pamtengo wa nkhuku. Anagula boti latsopano, anakagulanso ku Blantyre injini yaikulu wamba yothamangitsira nsomba kudooko, Spencer n'kutsala akumwa mafunde. Kufupi ndi dooko kunamera nyumba yake yamalata.

Kenaka zinayamba kuyandikira. Wogulitsa tiyi padooko anamuyang'ana pakamwa n'kufunsa ngati wadwala pakhosi. Kutchalitchi anayambitsa nyimbo monga mwa masiku onse, anthu osalandira, n'kuyamba yawo iye ali pakati pa vesi. Spencer anamupatsa moni, Vitorino n'kuyankha, Spencer n'kutsonya. "Chuma chakulowa m'mutu eti? Moni wokha ukuchita kuumeza?" Anyamata aganyu anathawa, akuti bwana wake amangotafuna milomo ngati mfiti. Pamaliro, pamowa, pabawo, anthu ankamusunthira malo koma osacheza naye. Munthu wolemera kuposa onse padooko ankadya yekha, kuyenda yekha, ndipo kusungulumwa kunamuwawa kuposa njala ija.

Anatsala Ernestina. Vitorino ankathamangira kunyumba ndi nkhani za tsiku lonse, kulankhula osapuma ngati mwana wochokera kusukulu, mpaka tsiku lina anagwada n'kuulula zonse.

Ernestina analira. "Abambo, ine ndinawoloka malire ndikutsatira mawu anuwo, osati malata. Mawa lomwe lino mukaitaye."

"Ndikaitaya, mayi. Ndalumbira."

Koma chaka chimenecho mvula inakana, nyanja n'kuyamba kuphwa. Nsomba zinaunjikana m'madzi otsala, zochita kuoneka misana. Vitorino atafika pakati pa nyanja, nsungwi osagunda pansi, ananyamula kainjini kaja kuti akaponye. Anayang'ana madzi akuwira ndi makumba. Mtima unamunong'oneza kuti mwina kwatsala wina womumva kupatula Ernestina, kapena nkhalamba ina ya kutsidya imene anaiiwala. Kamodzi kokha, ka malekezero. Anakamangirira kumbuyo kwa boti n'kukoka chingwe.

Pobwerera boti litamira milomo ndi nsomba, anaimba nyimbo yake ija ndi mphamvu zonse. Ernestina anali chiimire padooko, dengu pamutu, akuyang'ana kwina. Sanatembenuke mpaka boti linagunda gombe. Vitorino anamuitana, anamugwira mapewa, anakuwa. Mkaziyo anangoyang'ana milomo ikugwedera, misozi ili chuchuchu.

"Abambo, mwaiyatsanso."

Vitorino anapenga. Anadikira sabata, anadikira ina, akuti mwina zibwerera, koma ayi ndithu. Ndiye anakhwekhwereza boti m'matope mpaka pamadzi, n'kuyatsa injini yaikulu ya ku Blantyre ija kukafuna pakuya. Anathamanga uku, anathamanga uko, koma paliponse nsungwi inkagunda pansi madzi asanafike m'chiuno. Chilwa inali itatha. Ali pa liwiro lomwelo, injini inakumba matope n'kuthyoka, boti n'kulowa m'bango lowirira, gwa! Anatsika atasenza kainjini kaja kuti apitirize wapansi. Matope anamumeza mpaka pachifuwa.

M'mawa mwake Ernestina anadandaulira amuna a padooko, ndi Spencer yemwe, ndipo anabwera ndi mabwato ang'onoang'ono ndi matabwa opondapo.

"A Vitooo! Abambooo! Yankhanitu!"

Vitorino anayankha. Anakuwa mpaka kukhosi kunatuluka magazi. Anaimba nyimbo ya m'tchire ija. Anagwedeza bango, koma tsiku limenelo mphepo inkagwedeza bango lonse. Omufunawo anadutsa pafupi, moti iye anaona chitenje chofiira cha mkazi wake pakati pa mapesi, anamva ndi kupuma kwake komwe.

"Kuno kulibe, mlamu," anatero Spencer. "Akanakhalako akanayankha."

"Akuyankha," Ernestina anatero akulira. "Ndikudziwa kuti akuyankha."

Anaima pamenepo atatchera khutu mpaka amunawo anamukoka dzanja n'kubwerera naye.

Vitorino anadzapezeka nyanja itaumiratu, pansi patang'ambikang'ambika. Ana ofuna nkhuni ndi amene anaona mafupa ali chiimire m'dothi, nsagwada ili yasa. Pambali pake panali kainjini konyezimira, kopanda dzimbiri ndi pang'ono pomwe. Palibe amene anakakhudza, koma m'mawa mwake sikanapezeke.

Inu amene mukusirira boti la mnzanu, mverani. Chuma chokhwimira chilibe mtengo wotsika. Chotenga magazi chimakupha kamodzi, chotenga pang'onopang'ono chimakuyembekezera kuti udzipereke wekha, chifukwa dyera silidziwa mawu akuti ndakhuta. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kuli bwino kukankha kaboti kodontha ndi nsungwi, pagombe pali munthu wokumva ukamaimba.