Misozi ya Mandimu a Mayi Clotilda

Inu amene mumati Faness amakometsa nkhani, khalani pansi mumve kaye, mutsutse ndikamaliza. Ku sekondale sindinapite kukasewera, ndipo ku Makhanga kuno palibe mayi wina akanalimba mtima ngati ine.

Madzi osefukira ataphwa chaka chimenecho, mitengo ya mandimu inayamba kulira. Pa tsinde pankatsika misozi yakuda, yomata, khungwa n'kusweka, masamba n'kuyoyoka. Mitengoyi tonse tinalandira kwa mayi Clotilda, amene anabwera ndi njere kuchokera ku Mozambiki n'kugawa mbande khomo ndi khomo. Mayiwo anamwalira madzi ali ponseponse. Tinawatengera kumtunda pa bwato n'kuwaika mothamanga, amuna awo, a Sebastiano, atangoti kakasi.

Tsono nthaka inali itauma gwa, koma kukacha, tsinde la mtengo linkapezeka litamatidwa matope ofewa, onunkha mtsinje, zala zikuoneka bwinobwino. Mtengo womatidwawo sunkachedwa kulira.

"Akudzatenga mandimu awo," anandinong'oneza Esinala, mnansi wanga. "Maliro aja sitinawalire bwino."

"Akufa amayenda ndi ndowa?"

"Iwe ndi sukulu yakoyo! Usiku sukumva?"

Ndinkamva. Achule akangoti zii, kunkamveka chogwirira cha ndowa, kwee, kwee, ndi mapazi okhwekhwereza pa fumbi, khomo lina lero, lina mawa, kuyandikira kwanga. Mtengo wamoyo unatsala umodzi basi: wanga, wokongola kuposa yonse.

Ndinasenda kakhungwa kodwala n'kupita nako kwa mlangizi wa zaulimi. Ndani wina akanaganiza zimenezo? Anati ndi tizilombo tonga chuku, timene timasambira m'madzi n'kubisala m'matope, ndipo mitundu iwiri ikasakanizika pamatha kubadwa ina yolusa kwambiri. "Matope asakhudze tsinde, mayi."

Madzulo ake ndinakhala kuseri kwa khola, mdima uli bii. Kwee, kwee. Chinthu chowerama chinafika pa mtengo wanga n'kugwada, chikung'ung'udza kanyimbo ka Chisena. Ndinayatsa tochi.

Anali a Sebastiano, matope akudontha m'manja.

"Bambo, n'chiyani ichi?"

"Zimitsa, mwananga, anthu angandiseke," ananong'ona. "Mitengoyi, ana a Clotilda, ikumva kutentha. Iye ankawaziziritsa mapazi ndi matope akudimba kwathu. Masana ndikuchita manyazi, mwamuna wamkulu kuyenda ndi ndowa ya mkazi."

"Matopewa mukutapa pati?"

"Pamene panali mtengo wake woyamba uja. Unauma."

Ndinawagwira dzanja lisanafike pa khungwa. Ndinawafotokozera pang'onopang'ono, monga ndimadziwira kufotokoza ine. Anayang'ana zikhatho zawo.

"Ndiye ndawapha ndine?"

"Awapha ndi madzi, bambo. Koma uyu watsala. Mukamukonda, musamukhudze."

Analira ngati mwana, maliro amene sanalire pa bwato paja. Ine ndinangokhala nawo pafumbipo mpaka mtima unatsika. "Takhuta," anathokoza m'Chisena, n'kundisiyira ndowa kuti isadzawayesenso.

Sindinauze munthu, ngakhale Esinala. Ndikuulula lero chifukwa a Sebastiano anatsatira mkazi wawo kumanda. Masiku awo otsalawo ankabwera masana, kukhala pa mpando potero, manja ali m'matumba, kuuza mtengo nkhani za Clotilda. Mtengowo ulipo, bwerani mudzaone. Mbande za mandimu atsopano m'mudzi muno zachokera kwa ine.

Mukufunsa kuti ndinapindulanji? Ndimu loyamba la chaka chotsatira, limene a Sebastiano anandisendera ndi manja awo, ndi ndowa imodzi yobooka m'mphepete. Ndimaivundikira pa thandala, kunja kutentha bwanji, koma masiku ena kukacha ndimaipeza yonyowa, ikununkha mtsinje. Tsinde la mtengo wanga lokha limakhala louma. Amene amaitengayo anamva zimene ndinanena.